Fexon Telala ndi Jekete la Kapitao

Aliyense wotsika sitima pa Mbamba Bay amawaona a Fexon, ngakhale asawadziwe dzina. Makina awo osokera ali pakhonde la nyumba yachitatu kuchokera kugombe, pafupi ndi mtengo wa mango, ndipo iwo amakhala kumbuyo kwa makinawo msana uli njo, tepi ili m'khosi. Ndi munthu wamfupi, wometa bwino, woyenda ngati kwinakwake kukulira ng'oma imene ena tonsefe sitikuimva.

Anabadwira ku Nkhotakota, tsidya lija la Nyasaland, ndipo kusoka anaphunzira kwa amalume awo. Anawoloka nyanja mu 1938 atanyamula makina ndi mphasa, akuti adzasoke chilimwe chimodzi chokha. Chilimwecho sichinathebe mpaka lero. Anakwatira a Felesita, amene makolo awonso ndi a tsidya lija, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Tekla, amene anadutsa m'kalasi mwanga. Anthu a kuno amawatchula kuti fundi, monga amatchulira mmisiri aliyense, ndipo dzinalo likuwayenera. Yunifolomu ya ana anga a sukulu amasoka ndi iwo. Mwana amakula n'kusiyira mng'ono wake malaya msoko usanamasuke ndi umodzi womwe.

Chilema chawo n'chimodzi: sapirira kumva wina akutamandidwa. Mukavala shati yogula ku Songea, wina n'kunena kuti yakukhalani, a Fexon amaimitsa makina, n'kukuitanani mwaulemu, n'kupinda kolala yanu kuti aone m'kati. Amangoti, “Mhm,” n'kubwerera pa ntchito yawo. Inu mumapita kwanu mukudziona ngati mwavala thumba la mchere.

Mabuku amene anawasautsa anayamba kufika mu 1953. Mmisiri wina wa injini pa sitima, podziwa kuti ndine mwalimu, ndiye kuti mphunzitsi, wosowa chowerenga, anandisiyira buku la Chingerezi lokhala ndi chithunzi cha chombo chonga nsomba pakati pa nyenyezi. Inali nkhani yopeka ya zaka za m'tsogolo kwambiri. Dzuwa linali litayamba kuzirala, mbewu zitaleka kumera. Anthu otsala anamanga chombo chachitsulo chachikulu kuposa phiri, chokhala ndi minda ndi zitsime m'kati mwake, n'kunyamuka kukafuna dziko lina pafupi ndi dzuwa lina. Woyendetsa anali Kapitao Zereki, munthu wosaopa kanthu, wa jekete loyera la mabatani asanu ndi atatu. Pansi penipeni pa chombocho, kumene injini zinkalira, kunali wothira mafuta dzina lake Pito, amene m'buku lonselo anayankhula kawiri kokha.

Ndinayamba kuwerengera anthu Lamulungu masana tikachoka kutchalitchi, pakhonde la a Fexon, chifukwa pali mthunzi ndi mabenchi. Ndinkawerenga ndime chamumtima n'kuinena m'Chinyanja, ndipo ndikaona asodzi a kuno akwinya nkhope ndinkabwereza m'Chiswahili. Sanavutike kuimva nkhaniyo. Anthu oona sitima ikutulukira kumene kulibe mtunda sadabwa ndi chombo choyenda nthawi yaitali osaona gombe. Chaka chilichonse mmisiri uja ankabweretsa buku lotsatira, ndipo mabenchi ankacheperachepera.

Apa ndiyenera kunena za mganda, gule wa amuna wa m'chilimwe. Amavina m'mizere ngati asilikali, atavala zoyera ndi masokosi ofika m'mawondo, akuliza malipenga a zikho, ndipo gulu lililonse limatchedwa boma. Wakutsogolo amagwira ndodo ndi wenzulo. Ndiye amene maso onse amamuyang'ana, ndiyenso amene amayi amalowa m'bwalo kukamupukuta thukuta akuliza nthungululu. Boma lathu ndi losakanikirana, a ku Nyasaland ndi eni dziko, ndipo masiku amenewo wakutsogolo anali a Herman, wogula nsomba zouma, munthu wamtali wa mawu aakulu.

Amuna a boma anagawana maina a anthu a m'chombo, monga amachitira ndi chilichonse chimene achikonda. A Herman anasankha kukhala Bwanamkubwa, amene m'buku loyamba ankalamulira anthu onse, ngakhale Kapitao yemwe. A Fexon anatenga dzina la Zereki. Kasmir, mwini dziko wa kuno, womata mabwato ndi phula, sanasankhe. Dzina la Pito linangomugwera chifukwa manja ake ndi akuda nthawi zonse ndipo sakonda kuyankhula. Pa kubadwa anali wamng'ono kwa tonsefe, ndipo ankavina kumapeto kwenikweni kwa mzere.

M'buku lachiwiri Bwanamkubwa anapezeka akubisa madzi pamene ana ankafa ndi ludzu, ndipo Kapitao anamuchotsa pampando. Nditangotseka buku, a Fexon anaimirira.

“Abale, gule wathu azitsata buku,” anatero. “Amene buku lamukweza, ifenso timukweze. Amene lamutsitsa, abwerere kumbuyo. Nanga tivina bwanji wakuba madzi ali kutsogolo?”

Anthu anaseka n'kuvomera. A Herman anavula wenzulo m'khosi, anaipukuta pa shati yawo nthawi yaitali, kenako anaipereka kwa a Fexon.

Sabata yomweyo a Fexon anadzisokera jekete loyera la mabatani asanu ndi atatu, la timizere tachikasu m'mapewa, monga ndinawafotokozera kuchokera m'buku. Ndinene chilungamo: ankavina bwino. Ankaponya ndodo m'mwamba, kutembenuka, n'kuiwakha osayang'ana, ndipo a Felesita ndiwo ankayamba kulowa m'bwalo ndi nsalu yopukutira. M'buku lachitatu Kapitao anagonjetsa dzombe lachitsulo limene linkadya khoma la chombo. M'lachinayi anadutsitsa chombo m'mphepete mwa nyenyezi yoyaka. Buku lililonse likatha, a Fexon ankakhala ngati atalikako pang'ono. Ngakhale kumsika anthu anayamba kuwapatsa moni kuti, “Shikamoo, Kapitao,” ndipo iwo ankayankha ngati ndi dzina la ubatizo.

Buku lachisanu linafika mu June 1957. Pondipatsa, mmisiri uja anati, “Ili ndi lomaliza, mwalimu. Palibenso lina.”

Lamulungu loyamba anthu anadzaza khonde, ena anakhala pa mizu ya mango, ena pa mabwato ovundikira. A Fexon anavala jekete lija, chinthu chimene sankachita kunja kwa gule. Tsiku limenelo zonse zinayenda bwino. Patatha zaka makumi anayi, a m'chombo anaona dzuwa latsopano, ndi dziko lobiriwira la mitsinje likuzungulira pansi pawo. A Fexon anauza akazi awo kuti afulule tiyi wa anthu onse a pabenchi yoyamba.

Lamulungu lachiwiri Pito anakwera makwerero onse kuchokera ku injini, n'kukaima pamaso pa Kapitao. Anati injini imodzi yasintha kaliridwe, ndipo chombo chikatsitsidwa pansi chidzasweka. Chikhale m'mwamba momwemo, anthu atsike pa maboti aang'ono.

“Eya, n'zoona zimenezo!” anafuula a Efraimu, oimba ng'oma a boma lathu, amenenso ndi msodzi. “Nanga sitima yathuyi imafika pamchenga? Siimaima patali, ife n'kukatenga anthu pa boti?”

“Khalani chete, inu,” anatero a Fexon. “Wothira mafuta angaphunzitse kapitao? Pitirizani, mwalimu.”

Ndinapitiriza. Kapitao ankafuna kuti anthu amuone iye mwini akutsitsa chombo chonse pa dziko latsopano, ndipo anatsekera Pito m'chipinda chamdima.

“Mwambo umenewo,” anatero a Fexon, akuyang'ana Kasmir amene anakhala pansi kumapeto kwa khonde akusenda chinangwa chootcha.

Lamulungu lachitatu injini ija inaphulika. Minda ya m'chombo inayaka. Kapitao anasiya chiwongolero n'kudzigwetsa pansi. Anthu anathyola chitseko n'kutulutsa Pito, ndipo iye anawalowetsa m'maboti, banja ndi banja, osasiya ndi mmodzi yemwe. Kapitao anamutsitsa atamunyamula pa machira.

Ndinalekera pamenepo kuwerenga. Kenako a Herman anatsokomola, chifuwa chimene aliyense anamva kuti si cha chimfine.

“Mwalimu,” anatero a Fexon, “mwawerenga bwino pamenepo? Tabwerezani.”

Ndinabwereza pang'onopang'ono.

“Chingerezi chili ndi mawu ozembera. Mwina mwatembenuza chagada.”

“Ayi, fundi. Apa alemba kuti anamunyamula. Anthu anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo.”

Anatenga bukulo m'manja mwanga, analitembenuza, anatsina pepala pakati pa zala monga amayesera nsalu, mpaka analinunkhiza.

“Pepala lake si lomwe lija. Ulusi womangira nawonso ndi wina. Uyu si wolemba wathu uja. Wathu uja anamwalira, uyu ndi mlamu wake wongofuna kuipitsa dzina la banja.”

“Dzina pachikuto ndi lomwelo, fundi.”

“Dzina aliyense atha kulemba!” Anandibwezera bukulo ataligwira ndi zala ziwiri. “Zotsalazo mukawerengere kwina. Ndipo aliyense wotchula buku limeneli pakhomo pano, kaya ndi amake Tekla, apinde mphasa yake azipita.”

Motero mutu womaliza ndinauwerengera kusukulu, pansi pa mtengo umene timachitira msonkhano wa m'mawa. Anthu onse anabwera, ndi a Felesita omwe. A Fexon okha ndiwo sanaoneke, ndiye sanamve zimene zinachitika pa dziko latsopano. Anthu anatenga jekete la Kapitao n'kumuveka Pito. Koma Pito anali ndi mapewa a munthu amene wanyamula migolo ya mafuta zaka makumi anayi. Atakweza dzanja kuti aloze pokumba chitsime choyamba, jeketelo linang'ambika pamsana, kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Anthu anagwira pakamwa. Pito anangoti, “Tsopano mphepo ikulowa. Tiyeni tikumbe.” Zereki anapatsidwa kamunda m'mphepete mwa mtsinje, n'kumalima nyemba. Bukulo linathera pamenepo.

Sindinaonepo anthu akukangana chotero pa chinthu chimene sichinachitike. A Anjela, ophika mandazi pagombe, anaimirira manja ali m'chiuno. M'chombomo munali dokotala wamkazi ndi wopima nyenyezi amene ankangoyang'anana kuyambira buku loyamba.

“Zaka zonsezi ndakhala pabenchi kudikira ukwati wa awiri aja,” anatero, “wolemba n'kundipatsa chitsime? Atsegulenso, mwalimu, mwina mapepala amatana.”

“Sanamatane, mayi.”

“Ndiye wolemba ameneyu sanafunsirepo mkazi.”

A Efraimu ankafuna kudziwa ngati m'mitsinje ya dziko latsopano munali nsomba. Nditawauza kuti buku silinena, anati munthu wotsitsa anthu pamtsinje osatchula nsomba sanagwirepo nkhafi. Mkulu wina wa mpingo anati mathero ndi abwino, chifukwa wodzikuza adzachepetsedwa. Ena anamutsutsa, amvekere wolembayo wachita nkhanza, wamunenepetsa Kapitao mabuku anayi ngati mbuzi ya Khirisimasi. Ana anga a sukulu, amene dzulo lake onse ankalimbirana kukhala Zereki, Lolemba anabwera atadzipaka makala m'manja, ndipo ndinachita kuwafoletsa kuchitsime tisanagwire masileti. Pansi pa mtengo paja wina anafunsa Kasmir maganizo ake.

“Ine ndamva chisoni ndi injini ija,” anatero. “Inawanyamula nthawi yaitali.”

A Herman anadikira kaye. Lachitatu anapita kwa a Fexon ndi amuna a boma, ndipo anandipempha kuti ndikhalepo monga mboni ya zimene buku linanena. Mganda waukulu unali pafupi. Boma la ku Lituhi linali litalonjeza kubwera mu August kudzapikisana nafe.

“Fundi, sitinabwere kudzatchula chimene munaletsa,” anayamba a Herman. “Tabwera kudzatchula lamulo. Lamulo lake mukulidziwa, poti munalisoka nokha. Kapitao watsika, Pito wakwera, ndiye wenzulo ndi jekete zipite kwa Kasmir.”

“Lamulo linali la mabuku enieni.”

“Pamene ankanditsitsa ine anali enieni? Chaona mnzako chapita, achimwene, mawa chili pa iwe. Ine ndinapereka wenzulo. Kodi ndinanunkhiza pepala?”

Amuna aja anaseka. A Fexon anayang'ana kwa ine, ine n'kuvomera ndi mutu kuti buku linatero.

“Jekete silingamukwane,” anatero a Fexon potsiriza, akuloza Kasmir. “Onani msana umenewo.”

“Ndinu fundi. Likulitseni.”

Apo Kasmir anayankhula, maso ali pansi. “Akuluakulu, ine kumbuyo kuja kunali bwino. Ndikalakwitsa phazi palibe ankaona.”

Ndikukhulupirira kuti mawu amenewa anawapweteka a Fexon kuposa kuseka kuja. Chinthu chimene iwo ankachilota usana ndi usiku chinali kupatsidwa kwa munthu wosachifuna n'komwe. Koma lamulo linali lamulo. Anakwera pa kampando kuti afikire mapewa a Kasmir, anamuyeza ndi tepi akung'ung'udza manambala, n'kunena kuti, “Mapewa ngati a mvuu. Ndipo tsiku lovala mudzasambe m'manja ndi mchenga. Nsalu imeneyi siidziwa phula.”

Chiyembekezo chawo chinali chakuti Kasmir adzalephera pokonzekera, boma n'kubwera lokha kudzawapepesa. Sizinatero. Munthu amene wakhala zaka zambiri kumapeto kwa mzere amakhala ataona mapazi a anthu onse, ndipo Kasmir ankadziwa sitepe iliyonse. Sankaponya ndodo m'mwamba, koma ankatembenuza mzere wonse ndi kaphewa kamodzi, mopepuka ngati bwato lopanda katundu. Amayi anayamba kupatuka pochokera kumunda kuti aonerere. A Fexon, amene malo awo tsopano anali kumapeto, kumbuyo kwa a Herman, ankaona zonsezi kudzera pansi pa mkono wa munthu wamtaliyo. Tsiku lina a Felesita, akuwapatsira madzi osamba, anangoti, “Koma Kasmir uja phazi lake n'lopepuka.”

Zimene zinatsatira a Fexon anandiuza okha patapita chaka, ndipo andilola kuzilemba. Jekete analikulitsa bwinobwino, anaika nsalu yatsopano m'mbali, anasuntha mabatani. Koma msoko wapamsana anausoka ndi ulusi wakale umene unanyowa ndi mvula denga litadontha, ulusi woti ukaukoka ndi zala umaduka ngati udzu wouma. Pokonzekera savala yunifolomu, ndiye palibe akanadziwa. Maganizo awo anali akuti jekete likang'ambika pamaso pa alendo, boma lidzachita manyazi, anthu adzati Pito ndi Pito basi, zovala za akuluakulu sizimukhala, ndipo wenzulo idzabwerera kwa mwini wake. Iwo adzangoti, “Ndinanena ine za msana uja.”

A ku Lituhi anafika pa ngalawa ziwiri, ndi ng'oma zawo ndi amayi awo. Anavina m'mawa, ndipo anavina bwino. Ife tinalowa dzuwa litapendeka pang'ono, bwalo litadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Kasmir anatulukira kutsogolo atavala jekete loyera, manja atawakwecha mpaka kuyera, ndipo ndiyenera kunena kuti linamukhala. Nyimbo yoyamba inatha bwino. Yachiwiri inathanso. A Fexon kumbuyo ankaliza lipenga lawo maso ali pa msoko.

Pa nyimbo yachitatu a Efraimu anaikoka ng'oma mwamphamvu, Kasmir anakweza ndodo m'mwamba kuti atembenuze mzere, ndipo jekete linati kwee, kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Msana wakuda wa thukuta unaonekera poyera.

A ku Lituhi anayamba kuseka, koma kuseka kwawo sikunamveke nthawi yaitali. Bwalo lonse la Mbamba Bay linaphulika. “Pito! Pito!” Amayi anathamangira m'bwalo ndi nthungululu, a Anjela patsogolo, ataiwala za ukwati uja. Kasmir anaima kaye modabwa, anagwira kumsana, kenako nkhope yake inawala. Anachotsa wenzulo pakamwa n'kufuula, koyamba m'moyo wake pagulu:

“Tsopano mphepo ikulowa! Tiyeni tikumbe!”

Mzere wonse unawerama n'kuyamba kuvina ngati ukukumba, sitepe imene palibe anaikonzekera, ng'oma ikutsatira. Alendo anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo anthu khumi nthawi imodzi ankawafotokozera za chombo, za injini, za chitsime. Wakutsogolo wa ku Lituhi anavula chipewa chake, amvekere sanaonepo boma lovina nkhani yathunthu mpaka ndi malaya omwe.

A Fexon okha ndiwo anaima chilili kumapeto kwa mzere, lipenga lili m'manja, osamvetsa. Asanafunse, a Herman anawakumbatira n'kuwanyamula mapazi kusiya pansi.

“Fundi! Ndinkakuyesani munthu wa kaduka, mundikhululukire! Kani munakafunsa mathero mwakachetechete? Mwasoka monga buku linenera!”

Anthu anawazungulira, ena kuwagwira chanza, ena kuwatchula fundi wa mafundi. Mkulu wa mpingo uja anati kudzichepetsa kotere n'kosowa, munthu kulola msoko wake ung'ambike pagulu kuti mnzake alemekezeke. Pamaso pa alendo a Herman analengeza kuti, poti buku lina kulibe, mzere ukhala momwemo mpaka kalekale. Anthu anayamba kunena kuti “a Kasmir” kuyambira tsiku limenelo.

A Felesita anafika ndi nsalu yawo, atayamba apukuta wakutsogolo monga mwa mwambo. Anapukuta amuna awo pamphumi n'kunena motsitsa mawu, “Ulusi uja ndinati nditaye, ndinaufuna osaupeza.”

“Munkadziwa kuti limang'ambika m'bukumo?”

“Ndinalipo powerenga.”

“Nanga osandiuza bwanji, amake Tekla?”

“Mphasa yanga ndimaikonda pamene ili, bambo a Tekla.”

M'mawa mwake Kasmir anafika pakhonde atanyamula jekete ku dzanja limodzi, kampango wamkulu ku dzanja linalo. Iye sanakayike chilichonse, ndipo mpaka lero sakayika.

“Fundi, asante sana. Mwandichititsa ulemu umene sindinauyembekeze. Mulisokenso ngati muja, kuti chaka chamawa lidzang'ambike pomwe paja.”

A Fexon akuti nsombayo anaidya a Felesita ndi Tekla. Iwo sanailawe.

Chaka chatha jekete linang'ambikanso, ndipo chaka chino anthu anachokera ku Tingi ndi kumapiri kudzaona. Ulusi wovunda uja unatha, moti tsopano a Fexon amachita kuviika ulusi wabwino m'madzi n'kuuyanika padenga miyezi itatu. Munthu amene msoko wake sunamasukepo pa mwana wa sukulu aliyense akudziwika m'mphepete monse mwa nyanja chifukwa cha msoko umodzi womasuka. Amausoka mosamala, poti ukang'ambika msanga kapena kukana kung'ambika, mlandu ukhala wawo. Akamaliza amalipachika jeketelo pamsomali, ndipo a Felesita akuti nthawi zina amawapeza atalivala m'nyumba, likulendewera m'mapewa, manja ake akuphimba zala.

Tsiku limene a Fexon anandiuza za ulusi anabwera kusukulu masana, ana ataweruka. Anakhala pa benchi ya ana aang'ono, mawondo ali m'mwamba, n'kundipempha kuti ndiwawerengere mutu umene anaukana. Ndinawerenga wonse. Pa jekete sanasinthe nkhope. Nditafika pa kamunda ka m'mphepete mwa mtsinje, anakweza chala.

“Nyembazo zinabereka?”

“Buku silinena, fundi.”

“Zinabereka,” anatero. “Munthu ngati Zereki sangalime nyemba zosabereka.” Anaimirira, anakonza tepi m'khosi, anafika pakhomo n'kutembenuka. “Nanga Pito analima?”

“Sanalembe zimenezo.”

“Mhm. Akanalima, sizikanafika pa za Kapitao.”